Melanoma ikafalikira m'thupi: zoti wodwala ndi abale ake achite

Melanoma ndi khansa yoyambira m'maselo amene amapatsa khungu mtundu wake. Kwa azungu imabwera kwambiri chifukwa cha dzuwa, ndipo imatuluka pamsana, m'miyendo kapena kumaso. Kwa ife akhungu lakuda siichuluka, koma ikabwera imakonda malo amene dzuwa silifikako: pansi pa phazi, pachidendene, m'chikhatho kapena kunsi kwa chikhadabo. Imayamba ngati kabanga kakuda kosapweteka. Munthu amalima nako, amapita nako kumsika, mpaka kamasanduka chilonda chosapola, kenako m'mphechepeche mumatuluka mwanabere wolimba wosaphwa. Ambiri amafika kuchipatala zitafika pamenepa. Bob Marley, woimba wa ku Jamaica uja, anam'peza nayo pachala cha kuphazi mu 1977, ndipo inamutenga mu 1981 ali ndi zaka 36, itafika m'mapapo ndi mu ubongo.

Malangizo awa ndi a banja limene lauzidwa kuti matenda apita patali. Za mankhwala, mawu omaliza ndi a dokotala amene wamuona wodwalayo. Koma pali zambiri zimene zili m'manja mwanu, ndipo zikachitika mu nthawi yake, wodwala savutika mosayenera komanso banja silitha chuma pa zinthu zopanda phindu.

Choyamba, dzina la matenda likhale papepala

Musayambe mankhwala aliwonse a khansa musanaone zotsatira za biopsy, kuja amadula kanyama pachilondapo n'kukayeza ku labotale. Kuno kwathu banga lakuda la kuphazi nthawi zambiri limakhala Kaposi sarcoma, khansa ina yofala makamaka pakati pa anthu amene ali ndi HIV, ndipo chithandizo chake n'chosiyana kotheratu. Ndi maso okha ngakhale dokotala atha kusokoneza. Kanyamako amakayezera ku Lilongwe kapena ku Blantyre, ndiye ngati munadulira kuchipatala cha boma lanu, funsani tsiku limene anakatumiza, tengani nambala ya foni ya woti muzimufunsa, ndipo muzifunsadi. Zotsatira zogona m'kabati mwezi wathunthu popanda wozitsata zimadya masiku amene wodwala alibe.

Zikatuluka, zijambuleni pafoni ndi kusunga pepalalo pamodzi ndi buku la kuchipatala. Papepalapo pamalembedwa kuzama kwa khansayo m'mamilimita. Ikapitirira mamilimita 4, mpata woti yafalikira kale ndi waukulu.

Kenako muyenera kudziwa pamene yafika. Madokotala amati siteji 3 ngati yafika m'ma mwanabere oyandikana ndi chilonda kapena yatulutsa timaphundu pakhungu la mwendo womwewo. Siteji 4 ndi pamene yafika kutali: m'mapapo, m'chiwindi, m'mafupa, mu ubongo. Amaona zimenezi ndi ekisire ya pachifuwa, sikani ya pamimba, ndipo kumene kuli makina a CT, iwowo ndiwo amaonetsa bwino. Kusiyana kwa masiteji awiriwa si nkhani yaing'ono, chifukwa pa siteji 3 opaleshoni ikhoza kuichotsa yonse mwa ena, pomwe pa siteji 4 mpeni wokha suithetsa.

Pokaonana ndi dokotala, wodwala asapite yekha, komanso musapite chigulu. Mmodzi wodziwa kulemba, amene wodwalayo amamukhulupirira, ndi wokwanira. Mulembe mafunso muli kunyumba. Funso limene ndikufuna musaliiwale ndi ili: "Adokotala, chithandizo chimenechi n'chofuna kuchiza, kutalikitsa moyo, kapena kuchepetsa kuvutika?" Zonse zitatu ndi zolinga zabwino. Choipa n'chakuti banja ligulitse munda likuganiza kuti likugula machiritso, pomwe dokotala akudziwa kuti akungoonjezera miyezi. Nenaninso mankhwala onse amene wodwala akumwa, kuphatikizapo ma ARV, a TB, a shuga ndi azitsamba. Ma ARV asasiyidwe.

Njira zimene zilipo

Opaleshoni ndiyo imapezeka kwambiri m'zipatala zathu zikuluzikulu monga Queen Elizabeth, Kamuzu Central, Zomba ndi Mzuzu. Amachotsa chotupacho pamodzi ndi khungu labwino lozungulira, mpaka masentimita 2, ndipo pabalapo nthawi zina amaikapo khungu lochokera pantchafu. Ikakhala pachala, amadula chalacho. Pamenepa ndi pamene anthu ambiri amathawa chipatala, ndipo mantha awo ndi omveka. Koma munthu amayenda bwinobwino chala chimodzi palibe, ndipo kukana kudula chala lero kumabweretsa chilonda chimene mawa sichingatheke kudulidwa. Ngakhale pa siteji 4, dokotala atha kuchotsa chotupa chotuluka magazi ndi chonunkha kuti munthu apepukidwe. Akachotsa mwanabere m'mphechepeche, mwendo umatha kumatupa. Muziukweza pa pilo pogona, khungu muzilidzoza mafuta, ndipo pakaoneka kufiira ndi kutentha, pitani kuchipatala.

Njira yachiwiri ndi immunotherapy, imene yasintha nkhani ya matendawa m'mayiko olemera. Chitetezo cha m'thupi chili ngati agalu olondera pakhomo. Khansa imeneyi imadziwa kuwamanga unyolo, ndipo mankhwalawa amawamasula. Agalu omasulidwa amaluma wakuba, koma nthawi zina amalumanso mwini nyumba, ndipo zimenezi tizionanso kutsogoloku. Mankhwala oyamba a mtundu umenewu, ipilimumab, anavomerezedwa ku America mu 2011, ndipo pembrolizumab ndi nivolumab anatsatira mu 2014. Asayansi awiri amene anatsegula njirayi, James Allison ndi Tasuku Honjo, analandira mphoto ya Nobel mu 2018. Mankhwalawa amaperekedwa pa dripi; pembrolizumab ndi milungu 3 kapena 6 iliyonse.

Kale munthu wa siteji 4 kawirikawiri sankatha chaka. Pa kafukufuku wotchedwa CheckMate 067, amene zotsatira zake za zaka 10 zinatuluka mu 2024, anthu 43 mwa 100 alionse amene analandira nivolumab pamodzi ndi ipilimumab anali adakali moyo, ndipo mwa olandira nivolumab yekha anali 37. Jimmy Carter, mtsogoleri wakale wa America, melanoma inamufika m'chiwindi ndi mu ubongo mu 2015 ali ndi zaka 90. Anachitidwa opaleshoni, radiotherapy ndi pembrolizumab, ndipo anakhala moyo mpaka mu December 2024, atakwanitsa zaka 100.

Nkhani zimenezi muzimve pamodzi ndi zoona zina ziwiri. Ambiri amene anali m'kafukufukuyo anali azungu a melanoma ya dzuwa, ndipo ya kuphazi siimva mankhwalawa mofanana. Amathandiza ena, koma ocheperapo. Chinanso ndi mtengo. Ku America dripi imodzi ya pembrolizumab imaposa madola 10,000, ndipo munthu amafunika madripi ambiri, kwa chaka kapena ziwiri. Bungwe la WHO linaika mankhwalawa pa mndandanda wa mankhwala ofunikira mu 2019, koma si oti mungawapeze pawindo la mankhwala m'chipatala cha boma. Wachibale amene amakhala ku Britain movomerezeka amawalandira kudzera ku NHS, zipatala za boma za kumeneko, ndipo ku South Africa amawapeza makamaka amene ali ndi medical aid. Ife otsala tiyenera kuwerengera ndalama za ulendo wonse tisanayambe: mankhwala, masikani, mayendedwe, malo ogona, ndi ndalama yapadera yochizira zovuta zobwera ndi mankhwalawo. Kuyamba madripi awiri n'kusiyira panjira chifukwa thumba lauma kumasiya banja lopanda kanthu, wodwala osapindula mokwanira.

Njira yachitatu ndi mapiritsi olimbana ndi kusintha kwina kwa m'maselo a khansayo kotchedwa BRAF. Odziwika ndi dabrafenib ndi trametinib, omwedwa pamodzi. Amagwira ntchito msanga, zotupa zimatha kuphwa m'milungu yochepa, koma mwa ambiri khansa imadzawazolowera pakapita miyezi kapena chaka. Amathandiza okhawo amene kanyama kawo kayezedwa n'kupezeka ndi BRAF. Pa melanoma ya azungu ndi pafupifupi theka la odwala, pa ya kuphazi ndi ochepa ndithu. Choncho musalole wachibale wa ku Joni kapena ku India kugula mapiritsiwa musanayezetse. Ena ochepa a melanoma ya kuphazi amapezeka ndi kusintha kwina kotchedwa KIT, ndipo dokotala angayese imatinib.

Kemo, mankhwala opha maselo a khansa monga dacarbazine amene wakhalapo kuyambira m'ma 1970, amachepetsa zotupa mwa munthu mmodzi kapena awiri pa 10 alionse, kwa nthawi yochepa. Dokotala akamupereka, funsani kuti mudzaona liti ngati akuthandiza, ndipo mugwirizane kuti akapanda kuthandiza adzasiyidwa. Wodwala amene wakana kemo atamvetsa zimenezi sanataye mtima, ndipo asakalipiridwe.

Radiotherapy, kuwotcha ndi makina, imathandiza kwambiri pa ululu wa m'fupa, pa chotupa chotuluka magazi ndi pa zotupa za mu ubongo. Kwa zaka zambiri odwala a ku Malawi ankapita kunja, ena ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka. Posachedwapa makinawa afika ku Blantyre ndi ku National Cancer Centre ku Lilongwe, ndiye funsani dokotala wanu za kalata yokutumizani.

Za asing'anga ndi ogulitsa zitsamba pa WhatsApp ndinene mosabisa. Chilonda cha kuphazi chosapola ambiri amati munthu anaponda mankhwala, ndipo miyezi imatha akutema mphini ndi kumata zowawa pachotupapo. Palibe chitsamba chimene chinatsimikizidwa kuti chimachiza melanoma, ndipo kutema chotupa kumabweretsa magazi ndi mafinya. Pemphero ndi mphamvu kwa odwala ambiri, abusa ndi mashehe abwere ndithu, koma wonena kuti tayani mankhwala poonetsa chikhulupiriro musamumvere.

Ululu ndi chilonda: yambani lero

Musadikire kuti dokotala anene kuti zakanika ndiye mufunefune a palliative care, anthu amene ntchito yawo ndi kuchepetsa kuvutika. Chisamaliro chawo chimayendera limodzi ndi opaleshoni kapena dripi iliyonse, kuyambira tsiku loyamba. Ku Queen Elizabeth kuli kiliniki ya Tiyanjane, ku Salima kuli Ndi Moyo, ndipo zipatala za m'maboma ndi za mishoni zambiri zili ndi namwino kapena kilinishani wophunzira ntchitoyi. Funsani kuti amakhala chipinda chiti ndiponso tsiku liti.

Ululu wochepa umamva Panado. Ukakula, pamafunika morphine wamadzi, amene amapezeka m'zipatala za boma. Anthu amamuopa, amati ndi mankhwala otsanzikira, kapena kuti amafulumizitsa imfa. Si zoona. Akaperekedwa pa mlingo woyenera, munthu amagona tulo, amadya, amacheza ndi zidzukulu, ena mpaka kubwerera kumunda. Chinsinsi chake ndi wotchi: amamwedwa maola 4 alionse, osadikira kuti ululu ubwere kaye. Usiku namwino angakuuzeni kupereka mlingo wowirikiza kuti wodwala asadzuke pakati pa tulo. Muziyeza ndi sirinji imene akupatsani, osati ndi sipuni ya m'khitchini, ndipo muzilemba nthawi m'kope. Ululu ukamabwerabe nthawi isanakwane, kanenedwe kuchipatala kuti awonjezere. Musawonjezere nokha, musasiyenso mwadzidzidzi. Kusinza ndi mseru wa masiku oyamba zimatha. Kudzimbidwa sikutha kokha, choncho tengerani limodzi mapiritsi ofewetsa m'mimba, ndipo madzi, mapapaya ndi ndiwo zamasamba zisasowe. Botolo likhale pobisika kwa ana. Ndipo muzipita kokatenga lina lisanathe, poganizira Loweruka, Lamlungu ndi masiku a tchuthi.

Chilonda chonunkha chimapweteka mtima kuposa mmene athanzi amaganizira. Wodwala amadzitsekera m'chipinda, alendo amakhala pakhonde, iye n'kumadziona ngati watayidwa ali moyo. Fungo limeneli limatheka. Wiritsani madzi, aziziritseni, ndipo mu theka la lita musungunulemo sipuni yaing'ono imodzi ya mchere. Thirani pachilonda pang'onopang'ono, osakhula. Kenako perani mapiritsi a Flagyl amene namwino wakupatsani akhale ufa, muwaze pachilondapo, n'kuphimba ndi nsalu yoyera yochapidwa ndi kusitidwa. Mukamachita tsiku ndi tsiku, fungo limatsika m'masiku ochepa. Nsalu ikamatirira, inyowetseni ndi madzi amchere aja musanachotse. Magazi akayamba, kanikizani ndi nsalu kwa mphindi 10 osasuzumira, mwendo uli m'mwamba. Sungani nsalu zakuda pafupi, chifukwa magazi pansalu yoyera amaopsa wodwala ndi ana. Aspirin ndi Brufen zimawonjezera kutuluka magazi, ndiye funsani kaye musanapereke. Wosambitsa chilonda avale magolovesi kapena timapepala tapulasitiki toyera, koma dziwani kuti khansa siipatsirana. Idyani naye m'mbale imodzi monga kale.

Zoti musagone nazo

Kwa amene ali pa immunotherapy, apa ndi pamene agalu aja amaluma mwini nyumba. Chitetezo chimatha kuukira matumbo, mapapo, chiwindi, khungu kapena tiziwalo totulutsa mahomoni. Kutsegula m'mimba kangapo patsiku kapena kwa magazi, chifuwa chatsopano ndi befu, maso achikasu, kufooka kodabwitsa: zonsezi kwathu kuno n'zosavuta kuzitenga ngati matenda wamba n'kukagula mankhwala pagolosale. Imbani foni kwa amene akupereka dripiyo tsiku lomwelo. Mankhwala ake ndi ma steroid monga prednisolone, ndipo akachedwa munthu atha kufa ndi vuto lochizika. Mwa olandira nivolumab ndi ipilimumab pamodzi, oposa theka amakumana ndi vuto lalikulu la mtundu umenewu, ndipo limatha kubwera ngakhale patapita miyezi chisiyireni dripi. Dzina la mankhwalawo lilembedwe ndi zilembo zazikulu pachikuto cha buku la kuchipatala. Dabrafenib ndi trametinib amatenthetsa thupi. Yezetsani malungo, komanso dziwitsani dokotala wa khansa.

Kwa wodwala aliyense, mutu wopweteka kwambiri ndi kusanza, kusokonezeka, kufooka mbali imodzi kapena kugwa ngati wakhunyu zimasonyeza kuti mwina yafika mu ubongo, ndipo mankhwala a dexamethasone amachepetsa kutupako msanga. Akagwa chotero, mugonekeni chammbali, musaike kanthu m'kamwa. Msana ukamapweteka, miyendo n'kuyamba dzanzi kapena mkodzo kukanika, limenelo ndi la tsiku lomwelo, chifukwa kuchedwa kumapuwalitsa.

Banja likhale pansi

Mwambo wathu ndi woti abale amakokera dokotala pambali n'kumupempha kuti mwiniwake asauzidwe. Amatero chifukwa cha chikondi. Koma wodwala amaliona thupi lake, amamva manong'onong'o pakhonde, ndipo amatsala yekha ndi mantha poti aliyense akumuuza kuti achira. Njira yabwino ndi kumufunsa: "Amayi, zotsatira zabwera. Mukufuna adokotala akufotokozereni zonse, kapena auze ife?" Ena amafuna zonse, ena amati uzani mwana wanga wamkulu. Onsewo alemekezedwe. Chosayenera ndi bodza, komanso kumupangira ziganizo za mwendo wake ndi ndalama zake iye ali pomwepo, mutu ukugwira.

Kenako itanani amene ali ndi mawu pabanjapo, amalume, azakhali, ana akuluakulu, ndi a kunja pafoni, mugawane ntchito ndi mayina. Zikangosiyidwa kuti tonse tithandiza, mtolo wonse umagwera mayi mmodzi, kapena mtsikana amene amasiyitsidwa sukulu. Pakhale wolankhula ndi achipatala, wosunga ndalama ndi kulemba zonse zolowa pa Mpamba kapena Airtel Money ndi zotuluka, ndi odwazika osinthana. Wodwazika azigona tulo tokwanira masiku ena, azipita kutchalitchi kapena kumsika, ndipo akapsa mtima musamuweruze, mulandireni. Amene muli kutali, ndalama yochepa yobwera mwezi ndi mwezi imathandiza kuposa yambiri ya kamodzi, ndipo musamalamule pafoni anthu amene akuchapa nsalu za chilonda. Amayi a mvano, a dorika, a chigwirizano ndi magulu ena a mpingo kapena mzikiti amafuna kuthandiza. Auzeni chenicheni, kaya ndi nkhuni, madzi kapena kukhala ndi wodwala Lachitatu masana.

Chakudya chisakhale nkhondo. Khansa ikakula imachotsa chilakolako, ndipo kukakamiza nsima kumangobweretsa kusanza ndi kukhumudwitsana. Phala lothira nsinjiro, dzira, nthochi, thobwa, pang'ono koma kawirikawiri, ndipo chimene walakalaka mupatseni. Zomuletsa shuga, nyama kapena mchere poti khansa ife ndi njala zilibe umboni.

Ana auzidwe zoona molingana ndi msinkhu wawo: kuti agogo akudwala khansa, kuti sanawalodze munthu, kuti iwo sanalakwe kanthu, ndi kuti atha kuwakumbatira. Wodwala akadali ndi mphamvu, nkhani ya wilo ikambidwe. Lamulo la Malawi la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi, mwamuna ndi ana otsala, ndipo wilo yolembedwa, yosainidwa pamaso pa mboni ziwiri zosapindula nayo, imatseka pakamwa olanda katundu. Anene za mapepala a malo, za kubanki, za ngongole za kubanki mkhonde, ndi amene adzalere ana.

Nthawi ikafika yoti madripi ndi maulendo akungomutopetsa, mufunseni kumene akufuna kukhala. Ambiri amasankha kunyumba. Musanatuluke m'chipatala tengani morphine wokwanira, kalata yopita kuchipatala chapafupi, ndi nambala ya namwino wa palliative care. Wosatha kudzuka muzimutembenuza maola 2 alionse kuti asachite zilonda za pogona, ndipo pamphasa kapena matiresi pakhale pouma. Akasiya kumeza, musamuthire madzi kapena phala m'kamwa, chifukwa zimalowa m'mapapo. Nyowetsani milomo ndi kansalu, dzozani Vaseline. Morphine asasiyidwe poti munthu wasiya kulankhula, ndipo namwino akuonetseni kaperekedwe kake pamene kumeza kwavuta. Kupuma kukasintha, kumadukizadukiza kapena kumveka phokoso pakhosi, mugonekeni chammbali mutu uli pokwera pang'ono, ndipo itanani amene iye anawatchula kuti adzakhalepo.